Denga Lodikira Yankho

Pa kampani ina yogulitsa matabwa ku Paulington, dera la mafakitale, m'mawa uliwonse Winifred ankaika kapu ya tiyi pa desiki ya Stanford asanakhale pa yake. Awiriwa ndiwo ankalemba pulogalamu yatsopano yoyendetsera ntchito za kampaniyo, koma maganizo awo anali ngati mbuzi ziwiri pa chingwe chimodzi.

Stanford anafuna kuti chilichonse chizidzera pa kompyuta imodzi ya mu ofesi mwake. A kosungira matabwa azifunsa kumeneko, a malole azifunsa kumeneko, ngakhale mlonda asatsegule geti yankho lisanabwere.

"Achimwene, bwanji gawo lililonse lizingolengeza zimene zachitika, ofunika kumva amve?" anatero Winifred. "Kumpingo uthenga wa maliro ukamveka, amayi amayamba zophika, abambo amakhoma tenti. Alipo amakayamba wafunsa abusa?"

"Kampani si maliro, achemwali. Chopanda mwini chimasokonekera."

"Maiwe! Nanga mwiniyo akagona?"

"Kompyuta yanga sigona."

Winifred anangopukusa mutu, natenga kapu kukatsuka. Pulogalamuyo inayamba kugwira ntchito monga momwe Stanford anafunira.

Mu Novembala, mpingo wa Stanford wa ku dera la Sakubva unagula matabwa a denga la tchalitchi chatsopano. Makoma omangira dothi anali atatha, malata ali kale pamalo, mitambo ikusonkhana kumapiri a Vumba. Stanford analonjeza akulu a mpingo kuti matabwa afika Lachisanu, amisiri akhome Loweruka.

Lachisanulo lole inapakiridwa bwinobwino, kenako magetsi anazima, ndipo batire yothandiza kompyuta ya mu ofesi inapezeka kuti inafa kalekale. Mafoni a onse ankagwira ntchito, koma pulogalamu sinawalole kuuzana kanthu. Onse ankafunsa mutu umene unali utagona.

"Bwana, matabwa ndi awa, lole ndi iyi, msewu ndi uwo," anatero a Fyson, dalaivala. "Tikudikira chiyani?"

"Chilolezo."

"Chichokere kuti?"

Stanford analoza kompyuta ili bii. Anathamangira kugeti kukachonderera, koma mlonda anakana. "Munandilumbiritsa nokha kuti ngakhale inu mutandiuza pakamwa ndisatsegule. Lero mukufuna ndichotsedwe ntchito?"

Dzuwa linalowa lole ili pompo. Loweruka magetsi anali asanayakebe, ndipo amisiri anakhala pa njerwa mpaka anatopa, nabalalika. Lamulungu masana mvula inakhuthuka ngati kumwamba kwabooka, ndipo khoma la kum'mawa linamwa madzi mpaka linagwada pansi. Akulu a mpingo sanamukalipire Stanford. Anangomupempha kuti atsogolere pemphero lotsekera msonkhano wawo.

Lolemba Stanford anapeza tiyi pa desiki monga mwa masiku onse, shuga atathiridwa kale. Ananyamula kapu, natembenukira kwa Winifred.

"Achemwali," anatero Stanford, "za uthenga wa maliro zija, tandifotokozereninso."

Winifred sananene kuti ndinakuuzani. Anangokoka mpando.

Akuluakulu sananame: mutu umodzi susenza denga.