Khoko la Mtedza la Mayi Mfuko

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu mukunamizira kusinza uko, kunali mayi Mfuko. Una wawo unali m'mphepete mwa dambo, ndipo mkatimo anaunjika mbatata zoti adutse nazo nyengo ya njala. Mwana anali naye mmodzi, Ndaziona, wokwatiwa kutsidya kwa dambo, koma tsiku silinkapita osadzaona mayi ake.

Ukalamba ndi wankhanza. Unayamba ndi maso, kenako unalowa m'mutu. Mayi Mfuko akalankhula nawe, n'kungotembenuka, basi akuiwala.

Tsiku lina nzeru zitabwererako pang'ono, anatenga mtedza nauswa pakati, phwa! Mbali imodzi ya khoko anapatsa Ndaziona. M'mbali inayo anamatamo ndi ulimbo kaubweya kamene anamumeta ali khanda, naiika m'chipanda.

"Mwana wanga, ine ndikutha," anatero. "Ukabwera uzindipatsa khoko lakolo. Likagwirana ndi la m'chipanda, ndizinunkhiza ubweyawu n'kukukumbukira. Wobwera ndi khoko losagwirana, ameneyo ndi mbava, ndimuthira chitedze."

Zonse anaziiwala, koma chipanda ndi chitedze ayi. Mwana akati odi, khoko pakhomo, khoko m'chipanda, gwa! Mayi n'kununkhiza, n'kufuula, "Ndaziona mwana wanga! Wawonda bwanji?" Ndipo ankadya limodzi.

Tsono m'tchire momwemo munali Nguluwe, chimimba ngati nkhokwe, khasu osalidziwa. Anazionera zonsezi ali mu udzu. Ndaziona akusamba kumtsinje anasiya khoko pamwala, Nguluwe n'kulitola, ulendo wa ku una.

"Odi, mayi! Ndine mwana wanu."

"Mawu akula bwanji, mwana wanga?"

"Chimfine, mayi."

Khoko pakhomo, khoko m'chipanda, gwa! Mayi Mfuko anatulutsa mbatata. Nguluwe kukutu, kukutu, n'kupempha zina.

"Lero uli ndi njala, Ndaziona."

"Ndikukula, mayi."

Madzulo ake Ndaziona anafika chimanjamanja. Anati odi, anatchula dzina lake, anatchula la malemu bambo ake, anayimba ndi kanyimbo kamene ankamugonekera ali kumsana. Mayi ake anangoti, "Pepani, sindikukudziwani. Mwana wanga wadya kale." Ndaziona anakhala pakhomo pa mayi ake omubala nalira ngati wamasiye.

Anapita kukagwada kwa Nguluwe. "Achimwene, bwezani khoko langa. Mayi anga afa ndi njala."

Nguluwe anageya. "Pakhokopa palembedwa dzina lako? Amene ali nalo ndiye mwana. Iwe kafunefune mayi wina."

Masiku anapita, mulu wa mbatata n'kumatsika. Mayi Mfuko anayamba kusala okha kuti mwana wawo wanjalayo akhute. Ndaziona akasuzumira ankawawerenga nthiti. Apa anadziwa kuti khoko la m'chipanda likakhalabe momwemo, Nguluwe adya mpaka maliro.

Masana ena dzuwa lili paliwombo, mayi ali mtulo, anakumba kuseri kwa una, fuku, fuku, mpaka anafika pachipanda. Anayesa kumatula ubweya uja kuti auike m'khoko lina. Koma ulimbo unali utauma kalekale, ndipo ubweya unangofumbutuka m'manja mwake, n'kusanduka fumbi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mayi ake. Kenako anatafuna khoko la m'chipanda lija, nalimeza pamodzi ndi misozi.

Atapukuta m'maso anakapeza Nguluwe pamthunzi.

"Achimwene, mwapambana. Koma ndikukumverani chisoni, mukungodya makoko."

"Makoko?"

"Mbatata zenizeni, zofiira, zotsekemera ngati uchi, mayi amasunga mkati. Ine ndikazifuna ndinkalowetsa mutu wonse mu una. Koma inu ndi chimphuno chanucho simungathe."

"Ndani sangathe? Kamwana kamwano iwe!"

Nguluwe thamangathamanga, odi, khoko pakhomo, mphuno yonse mu una mpaka m'maso. Mayi Mfuko anapisa dzanja m'chipanda. Anafufuza uku, anafufuza uko, anachigwedeza, mulibe.

"Mbava!"

Nsupa yonse ya chitedze inathera m'mphuno mwa Nguluwe. Mayo ine! Analumpha, anagwa chagada, anadzikhula pamtengo, anadzikhula pachulu, analima dambo lonse ndi mphuno, iye amene khasu sankalidziwa. Mpaka lero mukamuona akufukula dothi, musamati akufuna chakudya chokha, chitedze chija sichinathe.

Mbatata zinapulumuka, mayi Mfuko nawo anapulumuka. Koma musaseke kwambiri, ana inu, nkhani ino imandiwawa.

Kuyambira pamenepo Ndaziona ankafika m'mawa ngati mlendo, mtedza watsopano m'manja. Ankauswa pakhomo, mbali ina kwa mayi, ina kwa iye. Tsiku lonse ankalowa ndi kutuluka nalo khokolo, kutunga madzi, kusesa, kuwadyetsa. Dzuwa likapendeka ankataya mbali zonse ziwiri, kuti wakuba akatola, mawa lisamuthandize. Nzeru inali yabwino, koma m'chipandamo munalibenso ubweya.

Tsiku lina akutsazika, mayi Mfuko anamugwira dzanja.

"Inu mlendo wa mtedza, muli ndi mtima wabwino. Ndikutumeni?"

"Nditumeni, mayi."

Anatulutsa mbatata imodzi yaikulu imene anaibisa pansi pa mphasa.

"Ndinali ndi mwana wanga wamkazi, dzina landithawa. Anasiya kubwera, kaya ndinamulakwira chiyani. Mukamuona mumupatse iyi, mumuuze kuti sindinakwiye."

Ndaziona analandira ndi manja awiri.

"Ndikamupatsa, mayi. Nayenso sanakwiye."

Inu amene mumakhalira kutobwanya mafoni, makina mumalowamowo ndi oiwala ngati mayi Mfuko. Nkhope yanu saidziwa. Amakupatsani kakhoko, kachizindikiro kolowera, zanu zonse n'kusunga m'chipanda chawo, ndipo amene wanyamula kakhoko ndiye mwana. Tsono musamakasiye pamwala, a Nguluwe sanathe m'dziko muno.

Nthano yanga yagonera pomwepa. Kaphuleni mbatata zili pamotozo zisanapserere, ndipo yoyamba mukapatse mayi anu akadakudziwani.