Galimoto Yopanda Denga ya Tobiyasi Kanyumbu

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu wa tala usanadutse kuseri kwa phirili, munali munthu wina dzina lake Tobiyasi Kanyumbu. Sonkhezani motowo, m'mawa uno kwazizira. Iwe Lonjezo, ika foniyo m'thumba. Ndamva kuti waitana anthu ogula zitsulo kuti Loweruka adzanyamule galimoto ili pansi pa mkuyu apoyo. Sunandifunse. Masiku ano palibe amene amandifunsa kanthu. Koma usanagulitse, umve kaye chimene ukugulitsacho.

Tobiyasi ameneyu anali agogo anga, bambo wa mayi anga Esinati. Ine sindinawaone, ndinabadwa iwo atagona kale kumanda zaka ziwiri. Zimene ndikunenazi ndinazimva kwa mayi, ndipo mayi sankanama.

Agogowo sanali a kuno. Anabwera kudzakwatira, mkamwini m'nyumba ya agogo aakazi Nangozo. Mayi atangobadwa, agogo ananyamuka kupita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi monga ankachitira amuna a nthawi imeneyo. Anakhalako zaka khumi ndi zinayi. Anzawo pobwerera ankabwera ndi njinga, makina osokera, majekete. Iwo anabwera ndi galimoto. Anaiyendetsa okha kuchokera ku Joni, milungu itatu panjira, kugona m'tchire, kukonza, kuyenda, kukonzanso.

Galimoto yake yotani? Dzina lake lachingerezi musandifunse, sukulu ndinalekeza sitandade 2 chifukwa kunalibe wondiyang'anira. Inali yakale ngakhale pa nthawi imeneyo. Yobiriwira, mipando yachikopa yong'ambika, pamwamba pali pululu. Denga inali nalo, lachinsalu chokhuthala ngati cha tenti, lopindira kumbuyo. Koma chifikireni m'mudzi muno palibe munthu amene analiona litatambasulidwa. Anthu poseka anaitcha Lichero, poti inali yapululu ngati lichero lopetera, ndipo dzinalo linakhala.

Mukuganiza kuti inali yabwino? Ayi. Ndi kiyi sinkalira. Ankaiimika pamtunda, pansi pa mkuyu pomwe ili lero, kuti m'mawa angoikankha pang'ono, itsetsereke, ilire yokha. Chitseko chakumanzere ankachimanga ndi lamba. Nyali yoyaka inali imodzi. Pa mtsinje uliwonse inkafuna kumwa madzi ngati ng'ombe, ndipo ukaimana inkatulutsa nthunzi n'kuima pakati pa msewu. Mvula ikagwa okwera onse ankanyowa, mpaka agogo anaboola mabowo atatu pansi pake kuti madzi azituluka.

Koma mayi ankati munthu amene sanakwere Lichero chimanga chitacha sadziwa kununkhira kwa dziko lino. Mumamva fungo la udzu, fungo la dothi, utsi wa m'midzi imene mukudutsa. Agogo ankapereka moni kwa aliyense wa m'njira, kumutchula dzina, kufunsa za ana, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Akafika pamene paikidwa masamba pamsewu kusonyeza maliro, ankavula chipewa, ndipo anamfedwa ankaona ndi maso awo kuti avula. Inu mumadutsa pamaliro mutatseka magalasi akuda, nyimbo zikulira m'kati. Akwati onse a midzi isanu ino ankapita ku tchalitchi ataimirira m'Lichero. Agogo anaphunzitsanso mayi kuyendetsa, mkazi, pa nthawi imeneyo, anthu akugwira pakamwa.

Tsono panali mlamu wawo Elifala, mchimwene wa agogo aakazi. Iyeyu ndiye anali mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo, ndiponso anali mkulu wa mpingo. Sanali munthu woipa. Mumve bwino pamenepa: sanali munthu woipa.

Chaka china mwini sitolo wina wa ku boma anaikonda Lichero. Anati asinthane, iye atenge Lichero, agogo atenge bokosibode yake yonyamulira katundu, yolira ndi kiyi, yosadontha. Agogo anakana. Elifala atamva anabwera mpaka pakhomo.

"Alamu, mwakana bokosibode? Ikananyamula chimanga cha mudzi wonse uno."

"Ili ndi denga lachitsulo," anatero agogo.

"Nanga denga lasanduka chilema?"

"Kwa ine, inde."

"Ndiye tambasulani chinsalu chanucho. Mlongo wanga akufika ku tchalitchi atanyowa ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Anthu akutiseka."

"Mlongo wanuyo wadandaula kwa inu?"

Agogo aakazi anayankha ali kuseri kwa nkhokwe. "Achimwene, ndikanyowa ndimauma. Asiyeni."

Elifala anachoka, koma mtima sunakhale pansi. Pakuti si galimoto yokha imene inkadabwitsa anthu. Agogo sankagona m'nyumba. Ankagona pakhonde, ngakhale mu Juni, chisanu chikuthyola zala. Ku tchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo. M'nkhokwe sankalowa, m'chitsime sankasuzumira. Ndiye anthu anayamba kunong'onezana. Munthu wabwera ndi galimoto anzake akubwera ndi njinga, ndipo safuna denga pamutu pake. N'chiyani chimenechi? Anati n'chizimba, lamulo limene sing'anga amapereka kwa munthu wotenga mankhwala a chuma: usadzagone pansi pa denga, usadzafundike galimoto yako. Mudzi wonse unakhulupirira. Kodi alipo amene anapita kukawafunsa? Palibe. Ankangokwera, kuthokoza, kutsika, n'kukanong'onezana.

Zaka zinapita. Mayi anakula, anakwatiwa. Ndiye chinabwera chifuwa, chifuwa chija amabwera nacho amuna a kumigodi. Agogo anayamba kuwonda. M'mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, anagona pakhonde osadzukanso, thupi likutentha, osazindikira anthu. Banja linagwirizana kuti mawa lake awatengere ku chipatala cha mishoni, ulendo wa maora atatu pa msewu wamatope.

Elifala anaitana amuna asanu ndi mmodzi masana omwewo. Anati, "Munthuyu akumudya ndi mankhwala ake omwe. Tikafundika galimotoyi chizimba chithyoka, iye apulumuka. Ndiponso wodwala chifuwa sitingamuyendetse pamvula." Chinsalu chija chinali chitatha kale, ndiye anatenga malata anayi amene ankasungira nyumba yake yomwe, malata oti anawasunga zaka zitatu. Anadula mitengo ya bulugama, anaimika m'makona a galimoto, anamanga ndi waya, anakhoma malata pamwamba ndi m'mbali. Anagwira ntchitoyo monga timachitira pofolera nyumba ya m'bale, akuimba nyimbo za mpingo. Mayi anandiuza kuti iwonso anagwirako lata limodzi, ndipo mpaka tsiku la imfa yawo ankadziimba mlandu.

Kutacha anawanyamula agogo m'bulangete ali mtulo, n'kuwagoneka chagada pampando wakumbuyo, mutu pamiyendo ya agogo aakazi. Mayi anakhala pa chiwongolero, Elifala pambali pawo. Amuna anakankha, Lichero inatsetsereka, inalira.

Asanafike pa mlatho wina wamitengo, mvula inayamba. Mukudziwa mmene mvula imalirira pa malata. Tsono malatawo anali pafupi, pafupi kwenikweni ndi nkhope ya wodwala. Agogo anatsegula maso. Munthu amene kwa masiku anayi sankatha kukweza dzanja anadzuka n'kuyamba kukanda malata ndi zikhadabo, kumenya ndi mutu, akukuwa m'chilankhulo cha kumigodi, akuitana dzina limene palibe ankalidziwa: "Sandifolo! Sandifolo!"

"Yendetsa, Esinati," anatero Elifala. "Ndi mankhwala akutuluka amenewo. Usaime."

"Amalume, zala zawo zikutuluka magazi."

"Ndati yendetsa."

Mayi anaimika galimoto. Aka kanali koyamba kukana mawu a malume awo. Anatsika, anamasula lamba wa chitseko, ndipo iwo ndi agogo aakazi anawakokera agogo kunja n'kuwagoneka pa udzu, pamvula. Madzi atangowagwera kumaso, anakhala chete. Anapuma. Anapumanso. Maso awo anabwerera, anazindikira mkazi wawo, anazindikira mwana wawo. Kenaka anayang'ana galimoto yawo ndi chisakasa cha malata chili pamwamba pake.

"Alamu," anatero, "senderani pafupi, mpweya wandichepera."

Elifala anagwada m'matope.

"Chaka changa chachisanu ndi chinayi ku Joni, mgodi unagumuka. Ndinakhala pansi pa dziko masiku atatu, chagada, mwala uli pamwamba pa nkhope yanga, pafupi ngati malata anuwa. Timiyala tinkagwa usana ndi usiku, kulira kwake ngati mvula imeneyi. Pambali panga panali mnzanga Sandifolo, mnyamata wa ku Mulanje. Sindinkamuona, ndinkangomumva. Sanapemphe madzi, sanaitane amake. Ankangoti, Tobiyasi, ndikufuna ndione mtambo, umodzi wokha. Tsiku lachiwiri analeka kuyankhula."

Anatsokomola nthawi yaitali. Agogo aakazi ankawapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Atandifukula anandigoneka kumbuyo kwa lole. Ndinaona kumwamba. Sindingathe kukuuzani mmene kunalili. Ndinabwereranso pansi zaka zina zisanu, poti kunalibe kochitira, koma ndinalumbira kuti ndikadzatuluka komaliza, chinthu cholimba sichidzakhalanso pakati pa ine ndi mitambo. Galimotoyi ndinaipeza kuseri kwa nyumba ya mzungu wina, nkhuku zikuikiramo mazira. Nditaona kuti denga lake limapindika, ndinati iyi ndi yanga. Mankhwala anga ndi amenewo, alamu."

Elifala anati, "Bwanji simunanene zaka zonsezi?"

"Munandifunsa? Munafunsa mudzi wonse kupatula ine."

Agogo aakazi anati, "Ngakhale ine, mkazi wanu, simunandiuze."

"Iwe sunafune chifukwa, Nangozo. Unkangonditulutsira bulangete pakhonde."

Elifala anaimirira, anapita pa galimoto, anayamba kuzula malata aja ndi manja. Hamala anali ataisiya kumudzi. Anakoka waya, anathyola mitengo, lata lina linamucheka chikhatho kuchokera pa chala chachikulu mpaka pa mkono. Chipsera chimenecho ine ndinachiona ndi maso anga ali nkhalamba. Malata anayi, a nyumba yake, anawaponya mumtsinje.

Anawagonekanso agogo pampando, nkhope kumwamba. Elifala anakankha yekha mpaka Lichero inalira, ndipo anapitiriza ulendo pamvula, onse atanyowa. Mayi ankati agogo sanatsokomolenso. Ankangotchula zimene akuona: mbawa iyo, akakowa awo, kukuyera uko.

Ku chipatala sanafike. Pamwamba pa chitunda chomaliza, pamene madenga a mishoni amaonekera, Lichero inatulutsa nthunzi n'kuima monga mwa chizolowezi chake. Mvula inali itakata. Mayi anatenga chitini kuti akatunge madzi. Agogo anati, "Isiye ipume, mwanawe. Pano pali bwino." Mayi pobwera ndi madzi anapeza agogo aakazi akuwatseka maso, ndipo ankati agogo aakaziwo anachedwa kuwatseka, anawasiya kaye ayang'ane.

Anabwerera nawo kumudzi m'galimoto yomweyo, yapululu. Anthu a m'njira, amene ankalandira moni wawo zaka zonse zija, anaona okha amene wagona kumbuyo. Amuna anavula zipewa, amayi anagwada m'mbali mwa msewu, mudzi ndi mudzi mpaka kufika pano.

Mayi anaiyendetsa Lichero zaka zina khumi ndi chimodzi. Ine ndinakweramo, ndipo mphepo yake ndimaikumbuka kuposa nkhope za anthu ena amene ndinadya nawo. Injini itafa anaikankhira pansi pa mkuyu. Ndinayesa kuidzutsa kawiri ndili ndi mphamvu. Ndinapempha abale kuti andithandize, anandiseka. Ena mwa osekawo ndi makolo anu.

Kuyambira tsiku la pa mlatho lija, m'banja lino muli malamulo awiri, ndipo amene anawaika ndi Elifala mwini wake. Loyamba, chinthu cha munthu usachikonze usanamufunse chifukwa chimene chilili choncho. Lachiwiri, wakufa wa m'banja lino sabwera kumudzi pansi pa denga. Mayi anabwera pa ngolo ya ng'ombe. Elifala anabwera pa lole. Onse anabwera nkhope ili kumwamba.

Nanga mkazi wanga Nachisale, agogo anu aakazi, anabwera bwanji chaka chatha kuchokera ku Lilongwe? Atate ako, Lonjezo, anabwereka chigalimoto chotseka, chamagalasi ndi makatani, chozizira m'kati ngati sitolo ya nyama. Anati n'chaulemu. Sanandifunse. Ndinakhala chete chifukwa cha alendo, koma mkazi wanga anadutsa midzi isanu imene anakuliramo popanda munthu mmodzi womuvulira chipewa, poti palibe anadziwa amene akudutsa.

Tsopano mukuti Lichero ndi dzimbiri, ikusunga njoka, ikunyansitsa pakhomo. Inde, matayala alibe, mipando inatha, mbuzi zimagonamo. Sinakhalepo yangwiro ngakhale tsiku limodzi. Koma m'mawa uliwonse inu musanadzuke ndimakhala kumbuyo kwake, pa thabwa limene ndinaikapo, n'kutsamira, n'kuyang'ana kumwamba. Mumati ndasokonezeka mutu. Alipo wa inu amene anabwera kudzandifunsa?

Loweruka ogula zitsulowo akabwera adzandipeza nditakhala momwemo. Akafuna, anyamule ndi ine ndemwe. Ndipo tsiku langa likadzafika, kaya ndidzafera ku chipatala chiti, musadzabwereke galimoto yamakatani. Mudzapeze lole, mudzapeze ngolo. Mvula ikadzagwa, idzagwe. Mukadzafika pano, musanandilowetse m'nyumba ya siwa, mudzandiike kaye pansi pa mkuyu, m'Lichero, pomwe anagona agogo Tobiyasi.