Mayi Wabodza Wodziwa Mayina

Kalekale, agogo anu asanamere mano, padali Nkhanga, mayi wa ana atatu: Mawanga, Nachiswe ndi chitsiriza, Kanjipiti. Ana, senderani kuno. Akuluakulu, musanamizire kusinza, nkhaniyi ndi yanu.

Nkhanga ankakonda gule. Ng'oma ikangolira kutsidya, iye nyamu, ulendo. "Iwe uje, piringidza chitseko!" Kwa iye onse atatu adali uje. Ana ankangokhala duu, maso pachitseko.

Kuseri kwa nyumba kunkabisala Ng'azi, chimimba chosakhuta, kumvetsera ana akuitanana.

Tsiku lina masana, Nkhanga ali kugule, pachitseko gogogo!

"Tsegulani ana anga, ndine mayi wanu," adatero Ng'azi ndi mawu onyengerera. "Mawanga, wadya? Nachiswe, chifuwa chija chaleka? Kanjipiti wanga, ndakusowa!"

Ana adayang'anana.

"Si amayi awa," adanong'ona Kanjipiti. "Amayi adatifunsapo liti ngati tadya?"

Nachiswe misozi chuchuchu. "Kaya ndi ndani, tiwatsegulire. Anditchula dzina."

Zomvetsa chisoni, ana inu. Kamwana kaja kadayamba kukoka mpiringidzo. Gwede! Gwede! Kunja Ng'azi dovu lili kha kha kha.

Kanjipiti adakuwa: "Amayi, mpiringidzo watilemera! Lowerani pachibowo chakuseri, paja mumalowera mukaledzera."

"Eya, eya, paja pomwe!"

Msangamsanga Kanjipiti ndi Mawanga adagubuduza mtsuko wa mowa wa mayi awo, natseka chibowo ndi kukamwa kwake. Ng'azi adabwera ndi liwiro, mutu mumtsuko, tswii! Akoke, osatuluka. Akoke, mtsuko wonse tsomphu, kutuluka nawo. Adathawa osaona njira, gubudu gubudu, mpaka mumtsinje, phava!

Dzuwa litapendeka Nkhanga adafika, fumbi mbuu. "Iwe uje, mtsuko wanga uli kuti?"

Ana adafotokoza zonse.

"Nanga munadziwa bwanji kuti si ine?"

"Anatidziwa mayina," adayankha Kanjipiti.

Nkhanga adayang'ana ana ake. Adaloza Nachiswe. "Iwe ndiwe... Mawanga?"

Nachiswe adapukusa mutu. "Ayi. Bola amayi a masana aja."

Nkhanga adakanda kumutu kuti akumbukire. Adakanda, adakanda, nthenga zonse mpaka kuthothoka. Mukadzamuona, mudzayang'ane: dazi lake ali nalo mpaka lero.

Nthano yanga yathera pamenepa, kaphuleni mbatata isanapserere. Koma inu a Nabiyeni, kamwana kakutsamiranika dzina lake ndani? Yankhani msanga, Ng'azi akumvetsera.