Mabowo a M'tsinde mwa Khoma

Che Lifa Saizi anafika kwa Shehe Wadi Chikumba Lachisanu masana, anthu atabalalika kuchoka kumzikiti. Ine ndinali pomwepo, chifukwa masiku amenewo ndinkaphunzitsa ana Qur'an kuseri kwa nyumba ya Shehe, ndipo zimene ndikulembazi ndinazimva ndi makutu angawa.

Muwadziwe kaye Che Lifa. Anali mmisiri womanga nyumba, ndipo ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Vuto lawo linali lakuti ankadziwanso kuti akuidziwa. Ukawauza kuti mzere wa njerwa wapindika, ankakuyang'anitsitsa kuti aone ngati lopindikalo si diso lako. Tsiku limenelo anavala mkanjo woyera wosita bwino, koma nsapato anavula mochedwa, ngati munthu amene akuganiza zobwerera.

Shehe anali pakhonde akusoka mkeka wakale wa mumzikiti. Anthu ankachokera kutali kudzawafunsa za malamulo a chipembedzo, koma mkeka ukang'ambika sankatuma munthu. Atapatsana moni wa mtendere, anayala mbali yosokedwa kale kuti mlendo akhalepo.

"Ashehe, ndabwera ndi funso la malamulo," anatero Che Lifa. "Si langa ayi. Ndi la munthu wina."

"Munthu winayo wadzuka bwanji?"

"Wadzuka."

"Tiyamike Mulungu. Funsani, Che Lifa."

"Msilamu akapha munthu mosafuna, pa ntchito, dipo lake n'chiyani pamaso pa Mulungu?"

"Asale kudya miyezi iwiri yotsatizana osadukiza, ndipo apite kwa abale a wakufayo akawapukute misozi."

"Kusalako n'kosavuta. Nanga ngati wakufayo si wachipembedzo chathu, ndiponso palibe amene akudziwa chimene chinachitika, kupita kwa abalewo n'kofunikabe? Kulapa si nkhani ya munthu ndi Mulungu wake?"

Shehe anaika singano pansi. Inenso ndinazindikira imfa imene ankanena, chifukwa panalibe munthu m'dera lathu amene sankadziwa maliro amene tinaika sabata imeneyo. Loweruka lapitalo khoma la kumpoto la tchalitchi cha Katolika cha ku Mtengowanjiwa linagwa m'mawa, amayi a mumpingo akusesa. Ena anathawa. Mayi Filomena Kachere, amene ankamva movutikira, sanadziwe chimene anzawo ankathawa. Anawafukula dzuwa litapendeka, tsache lili m'manja.

Tchalitchi chimenechi ndi nyumba yakale kuposa zonse kwathu. Ansembe achizungu oyamba kufika kuno anachimanga ndi manja a anthu akonkuno, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, poti nthawi imeneyo Akhristuwo anali ochepa moti sakanakwana ngakhale kuotcha uvuni umodzi. Njerwa ankaumba kumtsinje, akazi n'kumasenza pamutu mtunda wonsewo. Simenti kunalibe. Ankamangira dothi la pachulu losakaniza ndi laimu, n'chifukwa chake makoma ake ndi ochindikala kuyambira pachala mpaka paphewa, ndipo kunja kuli zipilala zisanu ndi chimodzi mbali iliyonse zochirikiza khoma. Makomo ndi mazenera anawakhotetsa pamwamba ngati uta, njerwa kugwira njerwa inzake popanda chitsulo ngakhale chimodzi. Mitengo ya denga ndi ya mlombwa, yochekedwa ndi sowo yamanja. Kutsogolo kuli nsanja ya belu, ndipo amati belulo anthu khumi ndi awiri analinyamula pamtengo masiku anayi. Ife Asilamu sitilowamo kukapemphera, koma ndinganame nditati sitinkanyadira. Mlendo akafunsa njira, tonse tinkamuuza kuti ayang'ane nsanja.

Tchalitchicho chitatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, akuluakulu a mpingo anafuna kuti chioneke chatsopano pa chikondwerero. Ntchito anapatsa Che Lifa, pakuti ndiwo anali mmisiri wotchuka. Iwo anapaka pulasitala wa simenti makoma onse, kunja ndi mkati, n'kupentanso. Chinawala ndithu, mpaka anthu ankaima pamsewu kuti achione. Tsopano panali patapita nyengo zitatu za mvula chichitikireni zimenezo.

"Che Lifa," anatero Shehe mofatsa, "mundilole ndikufunseni za ntchito yanu, ngakhale ine sindine mmisiri. Bambo anga malemu anali m'gulu la amene anamanga nyumba ija. Ankandiuza kuti m'tsinde mwa khoma, pakati pa chipilala ndi chipilala, ankasiya dala mabowo, njerwa imodzi imodzi yosaikidwa. Ankati khoma la dothi limamwa madzi kuchokera pansi, ndipo liyenera kupuma kuti liume. Mabowo amenewo alipobe?"

"Amenewo anali njira za makoswe, Ashehe. Mmisiri wophunzira sasiya khoma la mano ogweluka."

"Munawatseka?"

"Ndinatseka."

"Panalibe amene anakuuzani ntchito yake?"

Che Lifa anayang'ana kumbali. "Panali katekisiti wina wokalamba, bambo Zakeyo. Anabwera ndi ndodo yake n'kumati mabowowo asiyidwe, ndiponso kuti khoma ili silifuna simenti. Ndinawauza kuti iwo aziphunzitsa katekisimu, ine ndizimanga."

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Koma uyu anachita kuuzidwa, ndipo phulalo anadya ndi wina. Madzi a nyengo zitatu analowa kuchokera pansi n'kusowa potulukira. Kunja khoma linkawala, mkati dothi lili phala.

"Anthu onse akuti ndi mvula ndi ukalamba wa nyumba," anapitiriza Che Lifa, mawu atakwera pang'ono. "Apolisi alemba zomwezo. Bambo mfumu a parishi nawonso atero. Kodi ine ndiwatsutse? Imfa ya munthu aliyense inalembedwa kale. Inu nomwe mumatiphunzitsa zimenezo."

"Zoonadi, inalembedwa. Koma ine ndi inu sitinapatsidwe kuwerenga bukulo, tinapatsidwa kuyankha za manja athu. Khoma la kumwera munalipakanso simenti?"

"Chimodzimodzi."

"Mabowo ake?"

"Onse ndinatseka."

"Mwakaliona chigwereni linzake?"

Apa ndinaona zala za Che Lifa zikukanda mkeka. Ndinkadana ndi matama a bambo ameneyu kuyambira kale, koma nthawi imeneyo ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsa.

"Ndinapita dzulo," anayankha. "Ndinagogoda ndi hamala m'tsinde. Likulira ngati ng'oma. Chipilala chachitatu chalekana ndi khoma, chala chikulowa. Ndinaboola pang'ono, dothi linatuluka lonyowa ngati lopondera njerwa."

"Mkuja ndi tsiku lawo la mapemphero. Akapempherera kuti?"

"Momwemo. Ndi Lamulungu la Kanjedza, anthu amabwera ochokera m'midzi yonse. Amanga chingwe mbali yogwayo kuti onse akakhale mbali ya kumwera."

"Pansi pa khoma limenelo?"

"Pansi pake."

"Ndani wawauza kuti n'zotheka?"

"Bambo mfumu anandiitana Lachitatu. Anati, 'Bambo Saizi, inu ndinu amene mumaidziwa nyumba ino. Khoma latsalali lili bwanji?'"

"Munayankha kuti chiyani?"

"Ndinati ndi lolimba." Kenako anawonjezera, "Ndinali ndisanaligogode. Ndikanati chiyani, anthu onse aja akundiyang'ana?"

Shehe anatseka maso kanthawi, milomo ikugwedera potchula dzina la Mulungu. Sanakalipe. Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo sindinawamvepo akukweza mawu, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka akanakweza.

Che Lifa anasendera pafupi n'kuyamba kulankhula mofulumira. "Ashehe, musandione ngati chilombo. Ganizirani bwino. Ndikakanena kuti vuto ndi simenti yanga, andimanga. Ana a mayi Filomena ndi anyamata atatu, ndipo pamaliro paja munaona maso awo. Izo zilekeni. Anthu sadzanena kuti mmisiri analakwitsa. Adzati Msilamu anagwetsa dala tchalitchi. Mudzi uno takhala pamodzi chibadwire, timaikana maliro, timakwatirana. Mukufuna uyake moto chifukwa cha pakamwa panga? Mwina khomalo lipirira. Mvula ikutha. Ikangotha ndidzapeza chonamizira, ndidzakonza mwakachetechete. Ine ndisala miyezi iwiriyo, ngakhale inayi. Ndiyamba mawa lomwe."

"Zimene mukuopazo si zopeka," anatero Shehe. "Mwina akumangani. Mwina anyamata aja atola miyala. Sindingakulonjezeni kuti sizichitika. Chimene ndingalonjeze n'chakuti simupita nokha. Ndiyenda nanu mpaka pakhomo pa bambo mfumu, ndiponso mpaka pabwalo la ana a Filomena, ndipo mwala woyamba ukapeza ine poti ndidzaima kutsogolo. Za mudzi, dzifunseni nokha kuti udzayaka liti: lero mutakawachenjeza, kapena mkuja bambo Zakeyo atakumbukira mokweza amene anatseka mabowo aja, mitembo ili ndandanda pabwalo."

"Dzina langa litha, Ashehe. Zaka makumi atatu za ntchito."

"Litha, inde."

Che Lifa anadikira kuti mwina pabwera mawu ena otonthoza. Sanabwere. Ndiye anayesa komaliza, mawu ali pansi kwambiri.

"Komabe funso langa lija simunalimalize. Ndikasala ndi mtima woona, ndikulira usiku ndi usana, Mulungu Wachifundo sangandikhululukire popanda zonsezi?"

Shehe anaimirira movutikira, pakuti mawondo ankawavuta, n'kutenga ndodo yawo.

"Kusala kwanu kudikire, Che Lifa. Mulungu sasamuka, mudzamupeza Lolemba. Koma njala yanu singachirikize khoma, ndipo anthu akulowa mkuja ndi ana kumsana. Za mayi Filomena mwandifunsa dipo la ngozi, ndipo ndakuyankhani, pakuti simunkadziwa. Za amene ati afe mkuja musadzabwere kudzandifunsa. Mwagogoda, mwamva. Imeneyo sidzakhalanso ngozi. Valani nsapato."