Mkamwini ndi Utsi wa M'balani

Panali munthu wina, mkamwini, amene anakwatira kumudzi wa alimi a fodya. Mfunda wake unali Kwenda, ndipo apongozi ake ankamuitana a Kwenda, mwaulemu. Mkamwini watsopano mukumudziwa inu. Amasesa ndi posesa kale pomwe, bola anthu amuone kuti ndi munthu.

Fodya wa kumeneko ankamuumitsa ndi moto, m'nyumba yaitali yanjerwa ija timati balani. Moto umayaka panja, m'ng'anjo. Kutentha kumayenda m'mapaipi a malata oyalidwa pansi m'katimo, utsi n'kukatulukira ku chumuni. Masamba amafuna kutentha kokha. Utsi ukangowakhudza, basi, fodya wada, ndipo ntchito ya chaka chonse yapita.

Chaka chimenecho mapaipi akale anali atadyeka ndi dzimbiri. Apongozi aamuna, munthu wamkulu amene anakalambira pa ng'anjo, anati aitanitse mmisiri. Mkamwini ananjuta chapatali nati, "Bambo, musavutike. Ndinagwirapo ku esiteti. Ndilumikiza ndekha."

Ku esitetiko anagwiradi ntchito, sananame. Koma yake inali yotuta nkhuni. Mapaipi ankangowaona podutsa.

Analumikiza mapaipi atsopano, namata molumikizira monse ndi dothi la pachulu. Kunena zoona, zinkaoneka bwino. Mkazi wake anamutama kuchitsime, anamutama kuchigayo, mpaka mudzi wonse unadziwa kuti kwa mkulu uja kwabwera mkamwini wamanja.

Fodya atakhwima, mkuluyo anati, "Tsopano tiyese." Kayesedwe kake n'kosavuta. Mumatseka chumuni ndi chiguduli chonyowa, n'kuyatsa udzu wauwisi m'ng'anjo. Utsi ukasowa kolowera umafunafuna pothawira. Munthu mmodzi amalowa, n'kutseka chitseko, n'kumayang'ana. Mkuluyo anali ndi chifuwa chomwe sichinkagwirizana ndi utsi, choncho analowa mkamwini yekha. Alamu ake anaima panja, akazi chapatali ndi mitolo ya fodya wothyola kale.

Poyamba munalibe kanthu, ndipo mtima wake unakhala pansi. Kenaka anauona. Pafupi ndi ng'anjo, kunsi kwa paipi yoyamba, utsi unkatuluka pang'onopang'ono ngati ulusi. Anadziwa chifukwa chake. Lata la pamenepo analidula moperewera, ndipo dothi linangophimba pamwamba. Kuti akonze, kunali kuzula paipi yonse ndi kudula lata lina, anthu onse aja akuona.

Anaima m'katimo, manyazi atamugwira. Anaganiza za alamu ake ndi kuseka kwawo. Anaganiza za mkazi wake kuchitsime. Anatola dothi louma, nalikankhira pamng'aluwo ndi phazi, natuluka.

"Zili bwanji m'menemo, a Kwenda?" anafunsa mkuluyo.

"Zili bwino, bambo. Palibe pothawira."

Mumtima ankati akonza payekha, anthu akabalalika. Koma adzabalalika liti? Mkuluyo atangomva mawu aja anakuwa kuti fodya alowe. Anayamba kupachika nthawi yomweyo, masamba abwino kwambiri a m'munda monse, mpaka kudenga. Mkamwini anapachika nawo, ndi manja ake omwewo. Akanatha kunena asanatseke chitseko. Akanatha kunena moto usanakolere. Koma mawu amene anakanika kutuluka m'mawa, madzulo anali atalemera kuposa.

Mkuluyo anasonkhezera moto monga ankachitira chaka ndi chaka, osachokapo pa ng'anjo. Malata atatentha, dothi lija linagwa.

Tsiku lotsegula, fungo ndi limene linayamba kuwalonjera. Kalanga ine! Fodya amene anayenera kutuluka wachikasu anatuluka wotuwa, wamwaye, wonunkha ngati denga la khitchini. Apongozi aakazi anangokhala pansi, manja kumutu.

Mkamwini anadikira kuti wina aloze mapaipi. Palibe analoza. Mapaipi si anayesedwa anthu akuona? Alamu ake anatembenukira kwa atate awo.

"Bambo, mwakalamba. Moto munauchulutsa, malata n'kuphulika. Takhala tikunena ife."

Mkuluyo sanatsutse. Anaitana mkamwini, pamaso pa onse, nalankhula motsitsa mawu.

"A Kwenda, mundikhululukire. Munatipangira ntchito yabwino, ine ndaiwononga. Maso anga atha, moto sindikuudziwanso. Kuyambira lero ng'anjo iyi ndi yanu. Ndinu nokha amene ndingakukhulupirireni."

Mkamwini anagwada pomwepo. Anthu ankati ndi ulemu. Sunali ulemu, abale anga, manyazi ndiwo anamugwetsa. Ulemerero umene ankaufunafuna uja anaupeza, koma anachita kuuchotsa pamutu pa nkhalamba yosalakwa. Ndipo mkuluyo sanayandikirenso ng'anjo. Ankakhala pakhonde, kumauza aliyense wodutsa kuti iye anapsereza fodya wa ana ake.

Tsono inu amene mwakhala pano, musamuseke mkamwiniyu, chifukwa enanu m'balani mwanu mukufuka. Mukudziwa pamene pakuthawira, m'banja, pantchito, mumpingo muno. Munaona nokha, chitseko chili chotseka, n'kutuluka n'kutiuza kuti zili bwino. Manyazi a pa tsiku loyesa amawawa, inde, koma amathera pa inu nokha, ndipo dzuwa likamalowa anthu aiwala. Mukawathawa sapita kutali. Amakagwera munthu wina amene anakukhulupirirani, iye n'kumapepesa kwa inu. Nenani fodya asanalowe.