Ufa wa Pamkeka ndi Mawu Atatu a Chingerezi

Panali mtsikana wina wa Fomu 2, anzanga, ngati ife tomwe, dzina lake Tinenenji. Ankafunitsitsa kulowa m'timu ya sukulu yokapikisana pa mafunso a Chingerezi kuboma, koma malo anatsala amodzi. Aphunzitsi ake, Mayi Kachingwe, anati, "Mawa nditenga yemwe andiuze kusiyana kwa see, look ndi watch."

Tinenenji atafika kunyumba anatsegula dikishonale. Mawu onsewo ankangoloza ku maso. Anayamba kuloweza.

Amayi ake anali atayanika ufa pamkeka. "Tine, ndapita kudimba. Uyang'anire ufawu, mbuzi za a Chimbalanga zamasuka."

Tinenenji anakhala pakhonde, buku pamiyendo, milomo ikungoyenda. Mbuzi inadutsa cha kunkhokwe. Anaiona ndithu, koma mtima uli m'buku. Posakhalitsa anamva kuyetsemula. Kutembenuka, mbuzi ili pakati pa mkeka, ndevu zili mbuu!

Amayi atabwera anaima, manja m'chiuno. "Mbuziyi sunaione?"

"Ndinaiona, amayi."

"Ndiye masowo amagwira ganyu kwa ndani?"

Tinenenji anasefa ufa wotsalawo, nauyanikanso. Anakhala pambali ndi kamtengo, maso osachoka pamkeka mpaka ufa unauma. Ali pomwepo, mawu aja anayamba kukhala lililonse pamalo pake.

M'mawa mwake anzake analakatula za m'dikishonale. Akafunsidwa chitsanzo, ankangobwereza zomwezo. Itafika nthawi yake, Tinenenji anasiya buku padesiki.

"Madamu, ndilankhule za mbuzi."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Iye sanakhale pansi.

"Mbuzi itadutsa, inangolowa yokha m'maso mwanga. Ndiye see. Itayetsemula, ndinatembenuka dala. Ndiye look. Zomwe amayi anandituma, ine osachita, zokhala maso ali pa ufa mpaka uume, ndiye watch."

"Bwerezanso zonsezo m'Chingerezi," anatero Mayi Kachingwe.

Anabwereza. Ankadodoma, inde, koma palibe liwu lomwe linalowa m'malo mwa linzake.

"Uchape yunifolomu, Loweruka tikupita kuboma. Koma mbuziyo uisiye kunyumba."

Ndiye anzanga, imvani, nkhani yake ndi yokoma zedi, ine mpaka mtima ukuthamanga! Mawu ofananafanawa si a ana a m'tauni okha ayi, ngakhale ife tingawathe, lero lomwe! Musamangowaloweza ali gwa m'buku. Liwu lililonse lipezereni ntchito yake pakhomo panu, pachitsime, panjira yobwera kuno. Lero mukaweruka, tengani hear ndi listen, mupite nawo kwanu, muone lomwe limagwira ntchito amayi akamakutumani. Koma ufa wokha musauiwale pamkeka.