Kampasi Yoloza Wakuba

Tsiku lina a Namalomba, eni maboti asanu padoko, adabwera ndi kampasi ndi rada (makina oonera zinthu zakutali panyanja) zakale, zogula mwamseri kwa munthu wosadziwika, n'kuziika m'boti lawo lina. Koma rada ikangoyaka, singano ya kampasi inkavina ngati yaledzera.

Adaitana Kambwiri wokonza mawailesi. "Iwe, ziwirizi zigwirizane lero lomwe. Ukalephera ndigwetsa kashopu kako, paja malowo ndi anga."

Kambwiri ankadziwa kuti m'kaboti kopanikiza chonchi zipangizozi sizingakhalire limodzi. Adangoti, "Chabwino bwana. Vulani jekete, kwatentha." Poipachika pamsomali adaponyera m'thumba maginito a sipika yakufa.

Masana asodzi atasonkhana, a Namalomba adavala jekete yawo n'kulowa m'boti monyada. Singano idatembenuka n'kuwaloza. Adasunthira kumanzere, idawatsata. Adathawira kumanja, iyo pomwepo.

"Iwe, chimenechi n'chiyani?"

"Pepani bwana," adatero Kambwiri modzichepetsa, "rada ilibe mlandu. Makampasi akale a m'sitima zikuluzikulu ndi otero. Akabedwa amasiya kumpoto n'kumaloza amene akusunga katundu wobedwayo. Koma inuyo n'zosatheka! Tiitane apolisi adzaione, mwina yangosokonezeka."

Asodzi adayamba kutsinana. A Namalomba thukuta lidangoti kamukamu.

"Apolisi a chiyani? Chotsa chinthu chimenechi! Pita nacho, ndisachionenso!"

Kambwiri adainyamula ndi manja awiri, monga mwa ulemu. Mpaka lero kampasiyo ili m'bwato limene iye amaphera nsomba, ikuloza kumpoto bwinobwino. Koma a Namalomba akaona bwatolo padoko amalambalala patali, kuopa kulozedwanso.